Gofu wa ife osewera mwa apo ndi apo

Abale anzanga a pamsika, sabata yatha ndinaseketsa anthu pa Migowi mpaka ena kugwetsa misozi. Ndinaima pasiteji kudikira minibasi, m'manja nditagwira ndodo yachitsulo yopindika kumapeto. Mayi wina wa tomato, amene amandikongoza mwezi ukafika pakati, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Achimwene, njoka yake ndi yaikulu bwanji yoti muinyamulire chitsulo chotere?"

"Si ya njoka iyi, mayi. Ndi yosewerera gofu."

"Gofu? Inuyo? Nanga ya tomato wa Lachisanu uja mundipatsa liti?"

Anthu anafa nacho chikhakhali. Kondakitala naye anathirapo ndemanga, ati chiyambireni ntchito yake sanaonepo munthu wa gofu akukhala anayianayi pampando. Ine ndinaseka nawo, nanga n'kutani. Koma nditakwera funso linandikhala pakhosi: chimavuta n'chiyani kuti munthu wa ku Phalombe akagwira ndodo ya gofu azioneka ngati mbuzi yavala tayi?

N'chifukwa chake ndapempha akonzi kuti tsamba lino, pamene timakambirana za ziphaso za pamsika, mitengo ya nandolo ndi malonjezo a andale, lizikhalako ndi gofu kamodzi pamwezi. Anandiyang'ana ngati mutu wayamba kusokonekera, koma alola. Ndineneretu poyera, ine si katswiri. Pabwalo lenileni ndapondapo katatu kokha moyo wanga wonse. Chikwama ndilibe, nsapato zake ndilibe, umembala wa kalabu ndiye musanene. Chuma changa ndi ndodo imodzi, nambala 7, ndi timipira tinayi tosungidwa mu sokosi. Ndiye gofu wa patsamba lino ndi wa anthu onga ine, osewera mwa apo ndi apo, komanso inu amene mumangomuona pa TV m'bala n'kumafunsana kuti azibambo akuluakuluwa akufuna chiyani m'kapinga.

Ndodoyi ili ndi mwini wake. Ndi amalume anga, achimwene awo a mayi. Anachoka kumudzi ali kamnyamata, kalelo Phalombe ili mbali ya boma la Mulanje, pajatu inadzaima payokha mu 1998. Munda unali wochepa, ana pakhomo ali mbwee, ndiye anapita kukasaka ganyu. Anzawo anakathera kothyola tiyi. Iwo anakapezeka pakalabu ina, dzina lisunge, akunyamula zikwama za osewera gofu. Anthu a ntchito imeneyi amatchedwa ma caddie. Zaka 26 chikwama chili paphewa.

Ntchitoyi musaione mopepuka. Chikwama chodzaza bwino sichisiyana kwenikweni ndi ndowa ya chimanga, ndipo kuzungulira bwalo lonse ndi ulendo wa makilomita 8 kapena kuposa, maola anayi dzuwa lili paliwombo. Si kunyamula kokha ayi. Caddie ndiye maso a bwana. Ndiye amaona kumene kampira kagwera. Ndiye amadziwa kuti kuchoka pamtengo uwu kukafika padzenje ndi mtunda wotani. Amamva kumene mphepo ikuchokera, amaona kupendekeka kwa nthaka, kenako n'kunong'oneza kuti bwana, tengani nambala 8, iyo musiye. Bwana akamenya bwino amaomberedwa m'manja. Akaphonya, wolakwa ndi caddie.

Zaka zonsezo amalume sanasewerepo pabwalo lija ngakhale tsiku limodzi. Ankangoba timphindi m'bandakucha kuseri kwa nyumba yosungira zida, n'kumamenya timipira totayika ndi ndodo yosema ya gwafa. Mzungu wina pobwerera kwawo ndiye anawasiyira nambala 7 imeneyi. Penshoni yawo inali yomweyo.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atatsitsa madzi, matope ndi miyala m'mapiri a kuno, nyumba ya amalume inagwa. Akuluakulu ankati zoterezi anaziona komaliza mu 1991, nthawi ya Napolo wa ku Michesi. Moyo anapulumuka nawo, koma mbuzi, chimanga ndi zofunda zonse zinapita. Patatha masabata awiri tikufukula m'matope kufuna malata, khasu langa linagunda chitsulo. Kukoka, ndodo ija. Amalume anaipukuta ndi malaya awo, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kundipatsira.

"Mphwanga, ine chiuno chatha. Tenga. Ukandisewerereko pabwalo lenileni, ngakhale kamodzi kokha. Ndipo ukalowere khomo lakumaso, wamva?"

"Koma malume, ine ngakhale kagwiridwe kake sindikadziwa."

"Kagwiridwe ndikuphunzitsa ndine. Manyaziwo ndiye ukathana nawo wekha."

Chilimwe cha chaka chimenecho tinathera kudambo. Iwo atakhala pachulu, ine ndikumenya, ana a m'mudzi akuthamangira timipira. Zimene anandiphunzitsa kumeneko ndikugawireni, pajatu safunsa anadya phula.

Gofu ndi masewero owerengera. Pali kampira kolimba, kolemera magalamu osapitirira 46. Pali dzenje, kukamwa kwake mamilimita 108, ngati kapu yaikulu ya tiyi. Kuchoka poyambira kukafika padzenjelo pali mtunda, pena mamita 130, pena kuposa 450, ndipo m'njiramo muli mitengo, udzu wautali, malo okumba odzaza mchenga, mwinanso madzi. Ntchito yanu ndi kulowetsa kampira m'dzenje mutamenya kochepa. Mukatha dzenje loyamba mupita lachiwiri, mpaka akwane 18. Mabwalo ang'onoang'ono amakhala ndi maenje 9, ofuna 18 amazungulira kawiri. Kumpira wamiyendo wopambana ndi wa zigoli zambiri, kumsika ndi wa ndalama zambiri, koma kugofu ndi wa nambala yochepa. Mwina n'chifukwa chake ndinamukonda. Ndi malo okhawo amene ndawaona pamene kukhala ndi zochepa kuli ulemu.

Dzenje lililonse lili ndi nambala yake imene katswiri amayenera kumalizira, ati par. Imakhala 3, 4 kapena 5, ndipo mukaphatikiza maenje onse 18 mabwalo ambiri amafika 70, 71 kapena 72. Mukalowetsa mutapungula kumenya kumodzi pa par, ati mwagwira kambalame, birdie. Mukapungula kuwiri ndi eagle, chiwombankhanga. Mukapitirira ndi kumodzi ndi bogey. Zimene ndimamenya ine sanazipezere dzina.

Nanga chikwama chonsecho n'chachiyani? Ndodo iliyonse ili ndi ntchito yake, ngati mipeni ya pabutchala. Ya nambala yaing'ono imaponya kampira kutali koma motsika. Ya nambala yaikulu imakakweza m'mwamba n'kukagwetsa pafupi. Palinso ina yongokankhira pakapinga wosalala wa pafupi ndi dzenje, dzina lake putter. Lamulo limati munthu asanyamule ndodo zoposa 14. Koma mvetsani apa: lamulolo silikakamiza munthu kukhala nazo zonse. Ngakhale imodzi mwaloledwa. Ndipo nambala 7 ili pakatikati, imagwira apa ndi apo, ngati mpeni wa kukhitchini umene umasenda mbatata n'kuphanso nkhuku.

Mwayi wolowa pabwalo unabwera kudzera mwa mnzanga wa kusekondale amene pano ali kubanki ndipo ndi membala wa kalabu ina. Sinditchula kalabuyo, ngakhale boma lake. Anati ndikamupeze pageti 7 koloko. Ndinasita malaya a kolala a pakaunjika, ndinapolisha nsapato, n'kufika wapansi nthawi isanakwane. Mlonda anandiona ndili patali.

"Aise, ganyu lero kulibe. Onyamula akwana kale."

"Sindinabwerere ganyu, bambo. Ndadzasewera."

Anayang'ana ine, anayang'ana ndodo. "Ndi imodziyo?"

Ndikanabwerera pomwepo, kunena zoona. Miyendo inali itatembenuka kale, koma mawu a amalume a khomo lakumaso anandigwira. Ndinaima padzuwa mphindi 20 mpaka galimoto ya mnzanga inafika. Mlonda anachita sawasha, geti n'kutseguka. Sawashayo inali ya galimoto, si yanga. Koma mlondayo sindimusungira mangawa. Ndi mnzathu wa kumudzi ngati ife tomwe. Maso ake anazolowera kuti wofika wapansi amadzanyamula, wofika pagalimoto amadzasewera, ndipo palibe anamuonetsapo zosiyana.

Pamalo oyambira ndinaima bwinobwino monga anandiphunzitsira kudambo. Ndinakweza ndodo, n'kutsitsa ndi mphamvu zonse za nsima ya dzulo. Fwiii! Kampira kali pompo, kakundiyang'ana. Dziwani kuti kuphonya koteroko kumawerengedwa. Kachiwiri ndinakumba phando lokwana kubzala chimanga. Mnzanga anali atandibwerekera chikwama, ndipo wonyamula anali bambo wa imvi, msinkhu wa amalume. Anandiyandikira.

"Bwana, mutu usadzuke msanga. Kampira sikathawa."

Moyo wanga wonse palibe ananditchulapo bwana, ndipo tsiku limene zinachitika sindinakondwe nazo. Munthu woti n'kundibereka, wasenza katundu wanga, ine manja lendee.

"Bambo, musandinene bwana. Ndine mphwake wa caddie mnzanu. Ndodo iyi ndi yawo."

Anaitenga, anaitembenuza, anasisita pogwirira pamene panatha ndi manja a amalume. Atandibwezera, ubwana unathera pomwepo.

"Ndiye tamvera, mwana iwe. Siya kumenya ngati ukupha njoka. Ndodo ili ndi kulemera kwake, ilekerere igwire ntchito."

Kachitatu kampira kananyamuka. Sikanapite kutali, koma kanauluka, kakuyera m'mwamba, n'kukagwa pakati pa kapinga. Abale, kukoma kwake sindingakufotokoze. Maenje 9 ndinamaliza ndi 74, pamene par yake inali 36. Koma ndinamaliza.

Pobwerera m'minibasi ndinkadzifunsa kuti geti limeneli analimanga ndani. Nditafufuza ndinapeza kuti gofu sanabadwe wa mabwana okha. Kwawo ndi ku Scotland, kumene ankamusewera pamalo a mchenga a m'mbali mwa nyanja, osalimika, odyetsera nkhosa. Mu 1457 nyumba ya malamulo ya kumeneko, mfumu ili James II, inaletsa gofu pamodzi ndi mpira wamiyendo chifukwa amuna ankasiya kuphunzira kuponya mivi n'kumakasewera. Taganizani, akanakhala masewero a anthu khumi olemera, boma likanavutikiranji kuwaletsa? Malamulo oyamba olembedwa anatuluka mu 1744 ku Edinburgh, ndipo anali 13 okha. Zoti maenje azikhala 18 zinachokera ku St Andrews mu 1764. Bwalo lakale la ku St Andrews, limene osewera a dziko lonse amalilemekeza, ndi malo a anthu onse, ndipo Lamulungu lambiri sipaseweredwa gofu, anthu wamba amangoyendapo ndi ana ndi agalu awo.

Kuno gofu anafika m'chikwama cha atsamunda. Blantyre Sports Club inayamba mu 1896, patangopita zaka zisanu tiyi atayamba kulimidwa ngati bizinesi ku Mulanje mu 1891. Mukaona pamene pali mabwalo lero muona mapazi a ndalama za nthawi imeneyo ndi za pambuyo pake: Blantyre, Limbe, Zomba kumene kunali likulu, Mulanje ndi Thyolo kwa tiyi, Nchalo ndi Dwangwa kwa nzimbe, kenako Lilongwe ndi Mzuzu. Kuno ku Phalombe kulibe, lapafupi ndi la ku Mulanje, kuseri kwa phiri. M'nthawi ya atsamunda munthu wakuda ankalowa m'makalabu ndi chikwama paphewa kapena thireyi m'manja. Ufulu utabwera mu 1964 geti la khungu linagwa, koma la thumba linatsala, ndipo pambali pake panamera lina loipa kuposa onse, la m'mutu mwathu. Ife tomwe timaseka mnzathu akagwira ndodo. Masewero amene makolo athu awasenza pamsana zaka zoposa 100 timati si athu.

Chonsecho onyamula zikwama akapatsidwa mpata amachita zodabwitsa. Ku Durban kunali Papwa Sewgolum, mmwenye wosauka, wosapita kusukulu, amene anayamba ngati caddie ndipo ankagwira ndodo mopingasa manja, mosiyana ndi aliyense. Anapambana mpikisano wa Dutch Open ku Ulaya katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964. Kwawo anatenga Natal Open mu 1963, n'kudzaitenganso mu 1965 atagonjetsa Gary Player weniweniyo. Chithunzi chake akulandirira mphotho panja mvula ikugwa, chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'kalabu, chinazungulira dziko lonse. Boma la tsankho linadzamutsekera mipikisano, ndipo anamwalira mu 1978 ali wosauka. Vincent Tshabalala wa ku Alexandra, ku Joni komweko, nayenso anayamba ndi kunyamula, koma mu 1976 anakatenga French Open. Ku Spain, Seve Ballesteros ali mwana anaphunzira ndi ndodo imodzi yokha, nambala 3, pamchenga wa kunyanja, ndipo anadzakhala mmodzi wa akatswiri otchuka kwambiri. Pafupi pompa, Madalitso Muthiya wa ku Zambia, dzina lachinyanja ngati la mwana wa neba wanu, anasewera mu US Open mu 2006. Kuno kwathu otsatira masamba a masewero amalidziwa dzina la Paul Chidale.

Sindikunena kuti tonse tikhala akatswiri. Ine pa msinkhu uno sindingakhale Papwa ngakhale nditagona kudambo. Koma gofu ali ndi chinthu chimene anapangira dala anthu osadziwa ngati ife. Amachitcha handicap, ine ndimati banyira. Inu mukaona kasitomala wofooka m'thumba mumamuikira tomato mmodzi pamwamba kuti abwerenso mawa. Gofu nayenso amapatsa wosewera wofooka nambala yoti achotsere pazimene wamenya. Tinene kuti banyira wanu ndi 28 ndipo mwamaliza maenje 18 ndi 100. Kuchotsera, mwatsala ndi 72. Mnzanu wodziwa, banyira wake 10, wamenya 84, watsala ndi 74. Mwapambana ndinu. Kuyambira mu 2020 dongosolo la dziko lonse limalola banyira kufika 54. Wovomerezeka amaperekedwa kudzera kukalabu mukapereka makadi a mmene mwasewerera, koma anthu ogwirizana mutha kungopangana nokha. Ndiuzeni masewero ena amene amalola nkhalamba ya zaka 70 kupikisana ndi mnyamata wa zaka 20 popanda wonyozeka. Kumpira timu ya m'mudzi singayambe ndi zigoli zitatu ikakumana ndi Bullets.

Chachiwiri chimene chinandigwira mtima ndi ichi: posewera wamba palibe woimbira amene amakutsatirani. Mumadziwerengera nokha. Kampira kakalowa m'thengo muli nokhanokha, mutha kukakankha ndi phazi popanda woona, koma lamulo limati mukakasuntha mudziulule n'kudziwonjezera chilango. Mu 1925, pampikisano wa US Open, Bobby Jones anauza akuluakulu kuti kampira kake kasuntha pang'ono akukonzekera kumenya, chonsecho palibe wina anaona. Anadzilipiritsa kumenya kumodzi. Pamapeto anafanana ndi Willie Macfarlane, ndipo atabwereza anagonja. Kumenya kumodzi kuja kukanamupatsa chikho. Ndikamva nkhani imeneyi ndimakumbukira masikelo ena amene amafika m'midzi yathu nthawi yogula nandolo, ndi mbale zina zoyezera ufa zimene pansi pake panamenyedwa ndi mwala. Sindinatchule munthu. Amene wamva kuyabwa akande yekha. Ndipo musanamizidwe kuti onse ovala zoyera pabwalo ndi angelo. Amalume amati mabwana okankha kampira ndi phazi anawaona ambiri, ena a mayina akuluakulu, ndipo munthu wotero ngakhale ngongole sungamukhulupirire.

Wina ati, iwe mtolankhani, anthu akugona ndi njala, feteleza sakugulika, ukutiuza za gofu? Funso labwino, ndipo sindilizemba. Gofu wa m'makalabu ndi wodula, palibe kubisa. Zida zake zonse zimachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo imakwera tsiku lomwelo. Komanso bwalo la maenje 18 limadya mahekitala 50 kapena kuposa. M'boma lino kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 400,000, ndipo mabanja ambiri akulima kachigamba kosakwana hekitala. Atabwera munthu kuti tichotse chimanga tibzale kapinga wa gofu, ndikhala woyamba kunyamula chikwangwani. Chimene ndikukana ine ndi chimodzi: kuti mabwalo amene alipo kale tiziwaopa ngati manda, ndiponso kuti mwana wa caddie azibadwa akudziwa kuti malo ake ndi kumbuyo kwa bwana. Osaiwalanso kuti nkhani zambiri za ngongole za kubanki, matenda a katundu ndi ntchito za ana zimapsera pakapinga pomwepo, ife tili kunja kwa mpanda.

Tsono kwa amene mtima wagunda, nawa malangizo a munthu amene walakwitsa zonse.

Choyamba, musagule chikwama. Bwerekani, kapena sakani ndodo imodzi yakale, nambala 7 kapena 8. Timipira togwiritsidwa kale ntchito funsani ma caddie. Ndipo chonde, mpamba wa geni usakhudzidwe. Gofu wodya mpamba ndi mnzake wa juga.

Chachiwiri, yambirani padambo kapena pabwalo lopanda anthu nthawi ya chilimwe, mutapempha eni malo. Kampira aka n'kolimba ngati mwala, kakhoza kuphulitsa diso kapena kupha. Ana akhale kumbuyo kwanu, mbuzi za anthu zikhale kutali. Kakalowera kumene kuli munthu, kuwani. Kumakalabu amakuwa kuti fore, kudambo ife timangoti gwada!

Chachitatu, mukafuna kupita kukalabu yambani mwafunsa ngati amalandira alendo, mtengo wa tsiku limodzi ndi zovala zimene amafuna. Kawirikawiri ndi malaya a kolala ndi thalauzi kapena kabudula waulemu, zimene pakaunjika zili mbwee. Pitani pakati pa sabata pamene kulibe mpikisano, ndipo sewerani maenje 9 okha.

Chachinayi, musachedwetse anzanu. Wosadziwa amakhululukidwa, wochedwa ayi. Mukamenya kakhumi dzenje lisanalowe, tolani kampira mupite kutsogolo. Kakatayika, lamulo la kuyambira 2019 limapereka mphindi zitatu zofufuzira, zikatha iwalani. Akumbuyo akakupezani, apatseni njira.

Chachisanu, mnzanu akamamenya khalani chete, foni ikhale m'thumba, ndipo musaime kutsogolo kwake. Mukakumba phando ngati langa lija, bwezeranipo kapinga n'kupondapo. Mukalowa mumchenga, salazani potuluka.

Chomaliza, ndipo ichi ndiye chachikulu, mverani caddie. Amalidziwa bwalo kuposa mamembala ambiri. Mupatseni moni, mufunseni dzina, mugawireni madzi, ndipo polipira musanenerere ngati mukugula bonya. Ndalama imeneyo ndi ndiwo za ana ake. Kwa akuluakulu a makalabu, amene mumapatsa onyamula zikwama tsiku loti nawonso asewere, Mulungu akudalitseni. Amene simunayambe, kapinga sangathe chifukwa chopondedwa ndi munthu amene amamuponda kale tsiku ndi tsiku.

Tsiku lija nditabwerako ndinapita kwa amalume ndi kadi yanga. Anali pakhonde la nyumba ya mayi, kumene akukhala mpaka pano. Anaigwira patali ndi maso, n'kumawerenga dzenje ndi dzenje, milomo ikuyenda.

"Apa 11? Unkalima kapena unkasewera?"

"Munali mchenga, malume."

"Nanga apa 5, pa par 4. Anakuthandiza ndani?"

"Caddie. Anati ndisiye kupha njoka."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anakhala chete, n'kufunsa osandiyang'ana: "Unalowera kuti?"

"Kumaso, malume."

Anapinda kadi ija kawiri n'kuika m'thumba la malaya. Mpaka lero sanandibwezere.

Ndiye mwezi wamawa tidzakambirana kagwiridwe ka ndodo, kuti musadzachite manyazi anga. Amene munanyamulapo chikwama, kaya ku Thyolo, ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Joni, lemberani kudzera kwa akonzi, tsamba lino ndi lanu kuposa langa. Sabata yamawa tibwerera kunkhani zathu za pamsika. Ndipo mayi a tomato a pa Migowi, ya Lachisanu ija ndabweza, anthu amve. Tsopano mubwere kudambo Loweruka madzulo mudzayese kamodzi. Dzanja limene limaponya tomato m'jumbo osaphonya silingalephere dzenje la mamilimita 108.